Foni Imene Inkasankha Maso

Amuna anga anamwalira ku Joni m'mwezi wa Juni, kuno mwera ukuwomba, ndipo anaikidwa komweko mawa lake. Ife Asilamu maliro sitigoneka masiku. Anzawo a kuno ku Mangochi amene ankakhala nawo anawasambitsa, kuwakulunga m'sanda, nsalu yoyera ya maliro, kuwaswalira pemphero lomaliza, basi. Kwathu kunangofika mawu pafoni, akuti chibayo. Palibe mmodzi wa ife amene anaona nkhope yawo, ngakhale mayi awo owabereka.

Ine ndinalowa eda. Eda ndi masiku amene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba, miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzola zonunkhira, osavala zowala, osaonana ndi mwamuna wachilendo, osaponda kumsika. Kwathu kuno masikuwo akakwana, akazi a kuchimuna amabwera kudzakusambitsa, kukuveka nsalu yatsopano ndi kukutulutsa pakhomo. Amene amathira madzi oyamba ndi apongozi ako. Akapanda kutero ukhoza kutuluka ndithu, miyendo ndi yako, koma anthu amakuona ngati ukuyenda utabereka maliro kumbuyo. Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina pa boma. Ndani angapereke nsalu ya ukwati wa mwana wake m'manja mwa munthu amene sanasambitsidwe?

Ndine wa mtima wapachala, sindibisa, ndipo kukhala pamphasa pakona ya chipinda kunkandiwawa kuposa mmene mkazi wabwino ayenera kuvomerezera. Amuna angawo ndinkawakonda. Koma zaka zisanu ndi chimodzi ali ku Joni zinali zitandiphunzitsa kale kugona ndekha, moti imfa yawo sinasinthe kanthu m'nyumba, inangotseka chitseko. Amene ankandiphikira ndi kunditungira madzi anali amayi aang'ono, mng'ono wa malemu mayi anga. Masiku ndinkawerenga ndi zikhomo za nsalu, tsiku lililonse kubaya chimodzi m'mphepete mwa mphasa.

Mwezi wachiwiri uli pakati, mnzawo wa amuna anga anabwera kuchokera ku Joni ndi chikwama chawo. Apongozi anga anatsika kuchokera kumudzi kwawo ku Chowe panjinga yamoto kudzalandira katunduyo. Mlendoyo sakanatha kundiona, choncho anakhala pakhonde, ine kuseri kwa nsalu yotchinga pakhomo, mawu okha kumadutsa. M'chikwamamo munali jekete, nsapato, chisoti chopitira kumzikiti, ndi foni.

"Alamu," anatero, "foni imeneyo muisamale, si wamba. Achimwene ankagwira ntchito m'sitolo ya mafoni, ndiye abwana awo anawapatsa. Ankati aitumize kwa amayi, koma matenda anafulumira. Imapindika, koma musaipinde mpaka kumapeto. Zithunzi zake sizikhala pagalasi ngati izi tinazolowerazi, zimatumphuka, popanda munthu kuvala magalasi a mtundu uliwonse. Pamwamba pali kadiso kamene kamafunafuna maso a amene waigwira. Kakawapeza, chithunzi chimadzikonzera munthu yekhayo. Wa pambali amangoona zosokonekera."

Ndinamva zonsezo, koma chimene chinandikhala pamtima ndi chakuti foniyo inali ya amayi awo. Ine ndinkasoka ndi kafoni kong'ambika galasi, komangidwa ndi mphira, iwo n'kumakonza zotumiza foni yamatsenga kwa gogo amene sadziwa ngakhale kuika mayunitsi. Ndinatafuna lilime, pamaliro sitinena zotere.

Mlendo atapita tinakhala atatu m'chipinda changa, ine, apongozi ndi amayi aang'ono. Kunali masana koma m'chipindamo munali kamdima, chifukwa zenera tinatchinga ndi chitenje. Foniyo inali yopyapyala ngati chikuto cha kope la kusukulu, ndipo ndikaikweza ndi mbali imodzi inkawerama yokha. Inali yokhoma. Anzawo onse analephera kuitsegula, koma ine ndinkadziwa mzere umene amuna anga ankajambula ndi chala pa foni iliyonse imene anakhalapo nayo. Ndinajambula, inatseguka. Pamwamba penipeni panali kabokosi kolembedwa kuti Amayi. Ndinakadina, n'kuwapatsa eni ake.

Ine ndi amayi aang'ono tinali pambali, ndipo chimene tinaona sichinali chokoma. Nkhope ziwiri zolowana, maso anayi, milomo yopakika, ngati munthu wadziyang'ana m'ndowa wina atagwedeza madzi. Koma apongozi mpweya unawathera. Anatambasula mikono n'kuigwira foniyo kutali, maso ali tong'o.

Kenako mawu anatuluka. Ankalankhula Chiyao monga ankachitira ndi mayi awo, ine ndingoika m'Chichewa.

"Asalamu alaikumu, amayi."

Panali zii. Vidiyo sinaime, munthuyo ankangodikira.

"Waalaikumu salamu," anayankha apongozi. Sanaganize n'komwe. Salamu timaphunzitsidwa tili ana kuti siisiyidwa m'malere, wakupatsa uyenera kumubwezera.

"Mwadzuka bwanji? Nanga miyendo ija?" Anadikiranso. "Mbuzi zija zikadakuvutitsanibe?" Anadikira nthawi yaitali ndithu, kenako anaseka, kuseka kwawo kwenikweni kotulukira m'mphuno. "Musamve za anthu, amayi. Ine ndili bwinobwino. Ndibwera mvula isanayambe, ndidzakufolerani nyumba. Mundipangire duwa, mundipempherere."

Inathera pamenepo. Za ine sanatchule ngakhale theka la mawu.

Mipata imeneyo ine ndinkaidziwa. Apongozi anga ndi munthu amene amayankha wayilesi, ndiye mwana wawo akamawatumizira mawu pafoni yanga ankasiya dala mipata kuti gogo ayankhe, ife n'kumaseka. Ndipo za anthu zimene ankanenazo ndinkazidziwanso. Inali mphekesera yakuti atenga mkazi wina ku Joni, mphekesera imene inandiondetsa chaka chathunthu. Koma apongozi anazimva mwa njira yawo. Anati ndiyambitsenso. Ndinayambitsa. Ulendo uno anapendeketsa mutu pang'onopang'ono kumanzere, ngati munthu wosuzumira kuseri kwa chitseko.

"Chipsera chija chilipo," anatero motsitsa mawu. "Kuseri kwa khutu. Anagwa mumtengo wa mango ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri."

"Amayi, ndi vidiyo," ndinatero. "Mlendo uja wafotokoza. Ndi mmene galasi lake analipangira."

"Vidiyo ndimaidziwa, apongozi, musandione ukalamba. Ndinamuonapo mwana wanga pafoni yanu, anali wophwatalala ngati pakalendala. Chithunzi sichikhala ndi kuseri. Uyu ndikumuzungulira."

Ku Chowe sanabwererenso. Kwawo kulibe magetsi otchajira, komanso chala chawo chinkanjenjemera, mzere uja sichinkautha. Anayala mphasa yawo m'chipinda changa chomwecho. M'mawa uliwonse, dzuwa litakwera pang'ono, atamwa phala, ankasamba m'manja, kukonza mpango kumutu ngati kukubwera alendo, n'kunditambasulira foni.

"Nditsegulireni, apongozi."

Ndinkatsegula. Ndikanatani?

Masiku oyamba ankayankha mochedwa, mawu awo n'kumagundana ndi a mwana wawo. Pasanathe sabata anali ataudziwa utali wa mpata uliwonse. Ankalowetsa nkhani yawo bwinobwino, kuimaliza pa nthawi yake, moti munthu wodutsa kuseri kwa nyumba akanalumbira kuti muli anthu awiri akucheza. Ndipo nkhani sizinali zomwezomwezo. Lero miyendo yatupa, mawa yapepuka. Lero mbuzi zadya chinangwa cha aneba, mawa ina yaswa mapasa. Munthu wa m'galasi ankaseka pa malo ake, ndipo nthawi zambiri kusekako kunkagwirizana ndi nkhaniyo mpaka ine thupi kuchita tsembwe.

Tsiku lina kunabwera uthenga wakuti mnzawo wa apongozi, amene ankalima naye moyandikana, wamwalira. M'mawa mwake anamuuza mwana wawo pa mpata wa mbuzi uja. Anafotokoza bwinobwino. Atamaliza, wa m'galasi anaseka.

"Usaseke," anatero apongozi. "Ndi maliro."

"Musamve za anthu, amayi," anayankha.

Amayi aang'ono, amene ankasesa pakhomo, anasiya tsache n'kupita kukakhala kuseri kwa khitchini. Kuyambira tsiku limenelo sankalowanso m'chipindamo foni ikamalankhula.

Apongozi anatulukiranso china okha. Ukaigwira foniyo mbali zonse ziwiri n'kuipinda pang'ono, nkhope inkasendera kutsogolo, kutuluka m'galasi kubwera kwa iwe. Ukaleka, inkabwerera m'kati. Ndiye pofika pa mawu omaliza aja opempha duwa, ankaipinda ndi zala zawo zokhotazo mpaka mphumi yawo kutsala pang'ono kugunda pamene ine ndinkangoona mpweya. Ankanong'oneza duwa pamenepo, kenako n'kumuleka abwerere.

Tsiku lina zinandikwana. Ndinadzuka pamphasa yanga n'kukaika mutu wanga pafupi ndi wawo, tsaya ndi tsaya, chinthu chimene munthu sachita ndi apongozi ake. Ndinkafuna ndione chimene ankaonacho. Chithunzi chinanjenjemera. Nkhope ziwiri zija zinathamangitsana, ndipo kwa kanthawi kochepa zinalumikizana pamaso panga. Anali amuna anga. Osati pagalasi, koma cha pamwamba pake, mutu wathunthu waung'ono ngati papaya, ndevu zosameta bwino, maso ali pa ine. Ndisanapume n'komwe anasweka n'kukhalanso awiri, ndipo ndinamva apongozi akupuma mokhutira.

"Mwaona? Akudziwa amene akulankhula naye."

Mutu wanga unkadziwa kuti ndi kadiso kaja, kuti kamangosankha nkhope imene ili pafupi. Koma mtima sunamve zimenezo. Ndinachita nsanje, nsanje yeniyeni, kulimbirana ndi gogo munthu amene ali m'manda ku Joni.

Mwezi wachinayi utayamba, amayi aang'ono anayamba kukonzekera za kutuluka kwanga. Anakagula nsalu, sopo ndi mafuta. Atawauza apongozi kuti atumize uthenga kwa abale awo ku Chowe, gogo anangopukusa mutu.

"Mukufuna ndisambitse ndani? Mkazi wa munthu wamoyo?"

"Amayi," ndinatero, ndikudzigwira, "anthu anawaika m'manda. Anzawo anawanyamula ndi manja awo."

"Inu munaona?"

"Sindinaone."

"Inenso sindinaone. Chimene ndikuona ndi ichi, ndipo akuti ndisamve za anthu. Ku Joni anthu amasochera, amatsekeredwa, amasinthana mapepala. Mukafuna kutuluka, apongozi, tulukani lero lomwe, palibe wakumangani. Koma ine sindithira madzi a maliro a mwana wanga iye akundipatsa salamu m'mawa uliwonse."

Apo ndiye ndinaona pamene ndinaima. Kwa abale anga ndinali wamasiye, wosayenera kutuluka. Kwa apongozi ndinali mkazi wa mwini, wosayenera kusambitsidwa. Amayi aang'ono anapita kwa ashehe kukafunsa. Ashehe anati malinga ndi chipembedzo masiku akakwana akwana, palibe amene angawonjezere. Koma za madzi ndi nsalu anati ndi mwambo wa azimayi, iwo salowererapo. Amuna amatero, nkhani ikavuta imasanduka ya azimayi.

Kutatsala masabata atatu, Lachisanu lina, apongozi ndi amayi aang'ono anapita kumzikiti. Foni anaisiya ikutchaja pawindo. Kunali kotentha kwa kuno kwathu kumene ngakhale nkhuku zimayasamula, malata akuthetheka pamwamba. Ndinaitenga, ndinaitsegula, ndinadina kabokosi kaja.

Kadiso kanandipeza msanga, popeza ndinali ndekha. Amuna anga anatumphuka pamanja panga n'kundiyang'ana. Ndikasendera kumanja, maso amanditsata. Ndikasendera kumanzere, chimodzimodzi.

"Asalamu alaikumu, amayi."

Ndinayankha. Ndikuchita manyazi kulemba, koma ndinayankha. Atafunsa za miyendo ndinawalalatira. Ndinawauza kuti ine si amayi awo, ndine mkazi amene anamusiya ndi denga lodontha, amene wakhala pamphasa mpaka matako kuchita zikang'a chifukwa cha iwo, ndipo sanaone n'koyenera kunditchula ngakhale kamodzi. Anadikira mpaka nditamaliza. Kenako anaseka.

Mkwiyo umenewo ndi umene unandipititsa kumene sindinayenera kupita. Ndinati lero ndimuona mkazi wa ku Joni uja. Ndinatuluka m'kabokosi ka amayi n'kulowa kumene kumakhala zithunzi zonse. Munali mafoni a m'sitolo, msewu wa magalimoto ambiri, mbale ya mpunga, iwo atavala jekete ija. Mkazi munalibe. Koma pamwamba pa zonse panali vidiyo ina, yomaliza kujambulidwa, ndipo tsiku lake linali la mawa lake la imfa yawo. Kamera ya foni imatseguka ngakhale foni ili yokhoma. Mmodzi wa anzawo anaganiza zotijambulira, ndipo mwina anaiwala kutiuza, mwina anachita mantha.

Poyamba panaoneka simenti yonyowa ndi mapazi a amuna. Mawu apansipansi. Kenako dzanja la munthu linatsegula sanda kumutu.

Nkhope inatuluka m'galasi n'kuima pamwamba pa zikhatho zanga. Inali yotuwa, masaya atalowa, thonje m'mphuno, chibwano chomangidwa ndi kansalu koyera. Kadiso kanandipeza, ndipo nkhopeyo inadzikonza kuti ilunjike ine, monga inkachitira yamoyo ija. Diso limodzi silinatsekeke bwino. Ndinasendera pambali kuti ndichoke pamaso pake, koma inatembenuka nane.

Foniyo ndinaivundikira pamphasa. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana kumbuyo kwa foniyo, ndikuopa kuti ndikaitembenuza ndipeza akadali pomwepo. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti inenso, ndi nzeru zanga zonse za pa boma, sindinali nditakhulupirira. Ndinkaseka gogo, chonsecho pansi pa mtima ndinkadikira kuti tsiku lina munthu atsika minibasi ndi chikwama. Tsiku limenelo ndi limene ndinalira maliro a amuna anga, ndekha, pakamwa nditatseka ndi chitenje kuti aneba asamve.

Atabwerako kumzikiti, foni anaipeza pawindo pomwe anaisiya. Sindinauze munthu.

Ndikanakonda kunena kuti ndinakhala chete chifukwa cha chisoni. Chisoni chinalipo, koma mantha ndiwo anachuluka. Ndinkaopa kuti gogo akaona agwa pomwepo, anthu n'kudzati mkazi uja anapha apongozi ake ndi foni. M'mawa uliwonse ankanditambasulira, ine n'kujambula mzere, chala changa n'kudutsa pafupi ndi pamene panali nkhope inayo. Ndinkadina kabokosi ka amayi n'kubwerera pakona yanga. Tsopano kucheza kwawo sikunkandinyansanso, kunkandiopsa. Ndikamva kuseka kotulukira m'mphuno kuja, ndinkaona thonje.

Masiku anakwana mu Okutobala. Amayi aang'ono anali atatumiza okha uthenga ku Chowe, ndipo kunabwera azimayi anayi a kuchimuna. Anatunga madzi m'ndowa yatsopano n'kuika kubafa. Nsalu anaiyala pa chingwe. Apongozi sanatuluke m'chipinda. Azimayiwo analowa mmodzimmodzi kukawanyengerera, ndipo aliyense ankapatsidwa foni kuti adzionere yekha. Wina anatuluka akupukuta misozi. Wina anatuluka n'kukasamba kumaso. Panalibe amene anafuna kuthira madzi oyamba mayi wake wa munthu ali pomwepo akukana.

Tsiku linapita. Lachiwiri linapitanso. Madzi a m'ndowa anagwera masamba, anawataya n'kutunga ena. Madzulo a tsiku lachiwirilo ndinamva azimayi aja akuuza amayi aang'ono pakhonde kuti mawa masana abwerera, minda ikuwadikira, mitambo yayamba kusonkhana kumapiri. Anati nkhaniyi aiona mvula ikatha. Mvula ikatha! Kumeneko ndi ku Epulo. Ndipo apongozi, atamva za mitambo, nkhope inawala. Anati ndiye kuti mwana ali pafupi kufika.

M'mawa wa tsiku lachitatu anamwa phala, anasamba m'manja, anakonza mpango. Ananditambasulira foni.

"Nditsegulireni, apongozi."

Sindinakonzekere usiku, sindinapemphere, sindinafunse munthu. Ndinangoona mkono wawo uli m'mwamba, ndi moyo wanga wonse uli pakona ya chipinda chimenecho mpaka kalekale, mtima n'kundituluka. Ndinajambula mzere. Ndinadutsa kabokosi ka amayi. Ndinadina vidiyo inayo, n'kuwaikira foni m'manja.

Anakonza milomo kuti ayankhe salamu. M'malo mwake munamveka mawu apansipansi a amuna. Anakwinya nkhope, n'kundiyang'ana, n'kubwezanso maso pagalasi. Ine kuchokera pambali ndinkaona zoyera ziwiri zolowana. Ndinadziwa nthawi imene kadiso kanawapeza, chifukwa mapewa awo anatsika.

Sanakuwe. Sanagwe. Anayang'ana mpaka vidiyo inatha.

"Yambitsaninso."

Ndinayambitsa. Anapendeketsa mutu kumanzere, pang'onopang'ono, kusuzumira kuseri kwa khutu. Anakhala choncho kanthawi. Kenako anaigwira foniyo mbali zonse ziwiri n'kuipinda, kumubweretsa pafupi, pafupi, mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. Anamasula dzanja limodzi, ndipo ndi chala chachikulu anasisita mumpweya kuchokera pamwamba kutsika, kawiri, monga timachitira potseka diso la munthu.

"Amumanga chibwano mokhota," anatero. "Ankasambitsa amuna okhaokha achinyamata. Panalibe wamkulu."

Ananena mawu amene timanena tikamva za imfa, akuti tonse ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Anawanena bwinobwino mpaka kumapeto. Anaika foniyo pansi chafufumimba, n'kuiphimba ndi mpango umene anali atafunda paphewa. Anagwira khoma n'kudzuka.

"Tiyeni kubafa."

Azimayi a pakhonde atationa tikutuluka anaimirira osafunsa kanthu. Kubafa apongozi anandivula okha nsalu imene ndinakhala nayo miyezi yonse ija. Anatunga madzi ndi chikho n'kundithira pamutu. Anali ozizira. Anathiranso paphewa lamanja, kenako lamanzere. Ndinkayembekezera kuti manja awo akhala olimba, kuti andikanda kapena kundikoka tsitsi, ndipo ndikanakonda akanatero. Koma anandisambitsa ngati khanda, mpaka kuseri kwa makutu ndi pakati pa zala za kumapazi, gogo wa miyendo yotupa atagwada pa miyala yonyowa. Ine ndinkangolira. Iwo maso anali gwa.

Atandiveka nsalu yatsopano anandikhazika pa mpando n'kuyamba kundidzoza mafuta. Azimayi ena anali atapita kukayala mkeka pabwalo, tinatsala awiri. Analankhula ali kumbuyo kwanga, sindinawaone nkhope.

"Munaiona liti?"

Ndinaganiza zonama. "Papita masabata atatu."

Manja awo anaima pamutu panga.

"Ndiye m'mawa uliwonse munkanditsegulira, mukudziwa chimene chili pafupi pake."

"Eya, amayi."

"N'kumandimva ndikumuuza za mbuzi."

"Eya. Mundikhululukire."

Ndinamva njinga zikuliza mabelu kumsewu wopita kumsika, phokoso limene ndinalilakalaka miyezi inayi. Kenako manja aja anayambanso kuyenda, n'kumanga mpango wanga bwinobwino, mfundo yake kumbuyo.

"Masabata atatu amenewo munandipatsa ndinu," anatero. "Zikomo. Tsopano tulukani."

Anandigwira dzanja mpaka pachipata cha mpanda, monga mwambo ufunira, n'kundikankha pang'ono pamsana. Ndinaponda kunja. Dzuwa linandilasa m'maso. Azimayi anayamba kunena mawu ondilandira, koma nditacheuka apongozi sanalinso pachipata. Anali atalowa m'nyumba.

Ndinayenda masitepe mwina khumi. Ndiye kunamveka kulira kuchokera m'chipinda changa, kulira kwa mayi amene wangouzidwa kumene, kotchula mwana ndi dzina lake la paubwana. Azimayi onse anandisiya pamsewu n'kuthamangira m'nyumba. Ine ndinaima pomwepo ndi nsalu yanga yatsopano, womasuka, ndikudziwa kuti uthenga wa malirowo ndinapereka ndine, ndipo ndinaupereka chifukwa ndinkafuna kupita kukasoka.